Kwa Sahayi Kulibe pa Mapu

Crumlin, Dublin
Seputembala 2006

Okondedwa Amalume a Overstone,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inuyo pamodzi ndi akunyumba ndi ana onse ku Chinamwali. Kodi bondo lija linasiya kutupa? Ndamva kuti mukukanabe kupita kuchipatala, ati mukulithira mafuta a njinga. Amalume, bondo si tcheni.

Ine kuno ndili bwino. Sukulu ikuyenda, mvula ikugwa monga mwa masiku onse, ndipo mzinda wonsewu akuukumba ndi kuumanga ngati aufulumirira mlendo. Pamene panali bwalo pomwe ndinkafika, lero pali nyumba zosanja.

Kalatayi ndapatsira a Greenwell, mnzathu amene wamaliza maphunziro ndipo akubwerera kumudzi. Ndawauza kuti akupatseni m'manja mwanu, asakaisiye kwa amayi kwa Jali. Muiwerenge muli nokha.

Mukukumbukira ntchito imene munandituma. Munati chiliza cha agogo a Cornelio chimangidwe mu Okutobala mvula isanayambe, ndipo a Manfred, mmisiri wogoba mawu pa mwala, akungodikira ine. Mawu munagwirizana ndi amayi ndi akuti: Cornelio Namakhwa, msilikali wa KAR, ngwazi ya nkhondo ya kwa Sahayi. Yanga inali kungopeza chaka cha nkhondoyo ndi dziko lake, kuti tisalembe zabodza pamanda a bambo anu.

Munati ndi kantchito kochepa poti ndili ku Ulaya, kumene azungu amasunga mabuku onse. Ndikukumbutseni kuti ine ndinabwera kudzaphunzira za madzi ndi ukhondo. Mukandifunsa za mijigo ndi zimbudzi ndikuyankhani mpaka mutatopa. Ndiponso kuno si ku Mangalande, ngakhale inu mumangokuphatikiza. Mapepala enieni a asilikali ali ku London, ndipo kumeneko ndi dziko lina lofuna viza yakeyake.

Komabe ndinapita ku laibulale ya payunivesite. Mayi wa pamenepo anandiuza kuti dziko lawo silinalowe nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ija, moti ngakhale dzina loti nkhondo sankalitchula, ankangoti nthawi ya zadzidzidzi. Kenaka anatsitsa mawu n'kunena kuti amalume ake anathawa kukamenyera Angelezi, ndipo atabwerako pabanja pawo palibe ankaitchula nkhaniyo mpaka munthuyo anamwalira. Ine ndinamumvera chisoni. Ndinamuuza monyada kuti kwathu n'zosiyana, ife nkhondo ya agogo tinaisandutsa dzina la mwana.

Mayiyo anandiitanitsira mabuku. Amalume, mabuku amenewo ndi okwiyitsa. Mzungu aliyense ali ndi dzina, sukulu imene anaphunzira, ngakhale dzina la galu wake. Asilikali athu amangowawerenga ngati matumba a chimanga. Dzina la agogo mulibemo, ndipo ndinasiya msanga kulifuna.

Koma zina ndinapeza. Mukukumbukira agogo ankatchula Abisiniya ndi Gonda? Abisiniya ndi Ethiopia, ndipo Gonda ndi mzinda wa Gondar, umene Ataliyana anaulanda n'kukhalamo zaka zingapo. Mabuku akuti asilikali a ku Nyasalande anali nawo pa nkhondo ya m'mapiri ozungulira mzindawo kumapeto kwa 1941, ndipo Ataliyana atagonja, ena mwa asilikaliwo anatsala m'mzindamo kulondera. Ndinasangalala. Ndinati chaka ndachipeza, kwangotsala kuloza chala pa Sahayi.

Ndinayala mapu akale patebulo, ndinabwereka ndi galasi lokulitsira zilembo. Ndinayenda ndi chala phiri ndi phiri, mtsinje ndi mtsinje. Sahayi kunalibe. Ndinati mwina azungu anapotoza kalembedwe monga anachitira ndi Thyolo ndi Mulanje, ndiye ndinayesa kulilemba m'njira zonse zimene lilime la mzungu lingapunthwire. Sizinathandize. Inu mumakonda kunena kuti kufunsa ndi kudziwa njira. Ine ndafunsa, ndipo njira ndi imene yandisokonekera.

Ndimakhala nyumba imodzi ndi Womba, namwino wa ku Zambia amene amagwira ntchito pachipatala chachikulu cha ku Beaumont. Iyeyu atatopa kundiona ndikudya ndi mapu patebulo, anandiuza m'Chinyanja chake chija kuti nileke kuzipaya na ma map, tiyende ku Balbriggan pa Sunday, kuli ka party ka ubatizo kwa mnzake wa ku ntchito, na uyo mnzake ni wa ku Ethiopia. Ndinavomera makamaka chifukwa cha chakudya.

Tinakwera sitima. Mnzakeyo dzina lake ndi Mekdes, mayi wansangala, ndipo m'nyumba munadzaza anthu a kwawo. Tikulowa kumene, mwamuna wake, chibambo chachitali chandevu, anaterereka pakhomo chifukwa cha mvula atanyamula kireti ya zakumwa. Anakhala pansi mwamphamvu ndithu. Ine pakamwa panga panangotuluka mawu aja timanena tonse kwathu munthu akagwa. Ndinati ayizoshi.

Amalume, azimayi onse anaphulika kuseka, wina mpaka kugwira khoma. Mwamunayo naye ankaseka ali pansi pomwepo. Ine sindinadziwe chimene ndalakwa.

Mekdes atapukuta misozi anandifunsa kumene ndinawatenga mawuwo. Ndinamuuza kuti ndi chisilikali cha agogo anga, kuti pabanja pathu mwana akagwa kapena akalira timatero, ndipo tinkayesa ndi chilankhulo cha ku KAR. Iye anati ayi, ndi chilankhulo chawo, ndipo tanthauzo lake ndi limba mtima, usalire. Chimene ankaseka n'chakuti mawuwo amauza munthu wamkazi yekha. Kwa mwamuna amati ayizo. Ndiye kuti bambo wandevu uja ndinamutonthoza ngati kamtsikana.

Ndinaseka nawo. Ndinawauza kuti agogo ankanena choncho kwa aliyense, ngakhale kwa inu tsiku lija munagwa pa njinga pamlatho muli kale ndi ana atatu. Apo Mekdes anapendeketsa mutu. Anati n'zodabwitsa, chifukwa msilikali akanakhala kuti anavulala n'kumasamalidwa ndi anthu a kumeneko, akanabwera ndi mawu a kwa mwamuna, poti ndi amene akanamauzidwa. Munthu wodziwa a kwa mkazi okha ndiye kuti ndi iyeyo ankatonthoza wina.

Sindinazitengere kumtima nthawi imeneyo. Ndinaona kuti mwayi ndi womwewu, ndiye ndinafunsa za Sahayi. Ndinafotokoza kuti ndi malo a kufupi ndi Gondar kumene kunali nkhondo yoopsa, ndipo amayi anga anapatsidwa dzina la malowo pokumbukira kupulumuka kwa bambo awo.

Mekdes anandiuza kuti ndibwereze dzinalo. Ndinabwereza. Analitchula yekha kangapo, akulitembenuza m'kamwa, kenaka anapita kukafunsa amayi ake, amene anabwera kudzalera khanda ndipo kwawo ndi ku Gondar komweko. Analankhulana m'chilankhulo chawo. Pobwera anati malo otero kulibe, koma pali dzina lakuti Tsehayi, ndipo ndi dzina la munthu wamkazi. Limatanthauza dzuwa.

Ine ndinakana. Mukundidziwa ndikayamba makani. Ndinati agogo ankanena momveka bwino kuti kwa Sahayi, monga timanenera kuti kwa Jali, kwa Chikowi, kwa Mwambo. Ndinayamba kuwamasulira m'Chingelezi kamawu kakuti kwa, kuti kwathu malo ambiri timawatchula choncho. Ndili m'kati mofotokoza ndinadzimva ndekha. Timatinso kwa Womba. Timati kwa a Manfred. Ngakhale Jali amene, asanakhale malo okwerera minibasi, anali munthu.

Zaka zonsezi agogo sanatinamize ngakhale kamodzi. Ankati ku Gonda, ku Abisiniya, ku Bama, koma kwa Sahayi. Ndife tinamva mudzi wa mfumu, chifukwa kwathu ndi mmene makutu athu anazolowerera.

Amayi ake a Mekdes sanaseke nawo chilichonse cha zimenezi. Ndi mayi wowonda, wosalankhulalankhula, ndipo anali atakhala pakona akukazinga khofi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka analankhula, mwana wawo akumasulira. Anati iwo anali kamwana nthawi ya nkhondoyo. Chimene akukumbuka n'chakuti asilikali akamadutsa, amayi awo ankabisa atsikana m'nkhokwe, ndipo sankayamba aona kaye ngati ndi Ataliyana kapena ndi akuda a Angelezi. Anati ena mwa akudawo anali anthu abwino, ankapatsa ana nyama ya m'chitini, ena ankagona m'nyumba za anthu, ena anasiya ana. Anati a Tsehayi ku Gondar analiko ambiri, sangadziwe kuti wathuyo ndi uti.

Kenaka anandifunsa kuti mkaziyo anali ndani wake wa agogo anga. Ndinati sindikudziwa. Anagwedeza mutu n'kubwerera ku khofi wawo. Anandithirira ndithu monga ena onse, koma sanandiyang'anenso mpaka tinatsanzika.

M'sitima pobwerera Womba ankayesa kundiseketsa. Anati nisaganize maningi, mwina uyo Sahayi anali chabe landlady, mwini nyumba. Mwina n'zoona. Mwinanso anali kamtsikana kamasiye kamene agogo anakatola. Mwinanso dzinalo silikugwirizana n'komwe ndi la Mekdes, ndangogwirizanitsa zinthu zosiyana chifukwa chotopa ndi mapu. Tsiku lililonse ndimadzuka ndi nkhani ina, ndipo pofika madzulo ndimakhala nditaigwetsa ndekha.

Ndiye ndakhala ndikukumbukira zimene agogo ankanenadi ndi pakamwa pawo, osati zimene ife tinkawonjezera. Inunso tayesani. Kodi munawamvapo akunena kuti nkhondo ya kwa Sahayi? Ine ndafufuza m'mutu mwanga ndipo sindikupeza. Za nkhondo ya ku Bama, ku Asia kuja, ankanena mvula, misundu ndi anzawo amene anatsala m'nkhalango. Koma za kwa Sahayi ankati kunali mkate wopyapyala wowawasa umene poyamba unkawakana. Ankati kunali mbuzi yamakani yokonda kudya malamba a nsapato. Ankati denga linkadontha ndipo analikonza okha. Amalume, ndi nkhondo yanji imene munthu amakonza denga?

Ndi chipsera chija cha padzanja, chimene tinkachigwira tili ana n'kumauza anzathu kuti ndi mpeni wa Mtaliyana. Iwo ankangoti ndinachekedwa kwa Sahayi. Lero ndikuganiza kuti mwina linali lata.

Nthawi zina zimandiseketsa, koma kunena zoona ndili ndi mantha. Mawu a mayi uja a nkhokwe sakundichoka. Agogo analowa m'mzinda umenewo atanyamula mfuti. Mkazi wa m'mzinda wolandidwa, msilikali akaima pakhomo pake, ali ndi pakamwa pokanira? Ndimadziuza kuti munthu satcha mwana wake dzina la amene anamulakwira. Kenaka ndimadzifunsa kuti nanga mkaziyo ankalira chiyani kuti agogo achite kuwaloweza mawu omutonthoza, n'kubwera nawo mpaka kwa Jali. Ndimawakonda agogo, ndipo ndikudana nazo kuti ndikuwaganizira zotere iwo sangathe kudziyankhira.

Pali chinanso chimene ndikufuna mundiuze, poti inu munabadwa nkhondo isanayambe ndipo munaona bambo anu akubwera. Agogo aakazi, kufikira tsiku limene anatisiya, sindinawamvepo akuitana amayi kuti Sahayi. Mudzi wonse unkati Sahayi, kutchalitchi Sahayi, inu nomwe Sahayi. Iwo okha ankati Prudence, dzina la ubatizo. Ife tinkati ndi chikatolika chawo. Kodi chinali chikatolika, Amalume? Kodi munamvapo kanthu muli mwana, mawu a m'nyumba amene ana amamva akamayesedwa kuti agona?

Apa ndi pamene ndagwira njakata. Manda a agogo aamuna ali pambali pa a agogo aakazi, mwakuti munthu sangadutse pakati. Tikalemba mawu aja, tikhoza kukhala kuti tagoba dzina la mkazi wina pamwala, kuti agogo aakazi agone nalo pafupi mpaka kalekale, pamene ali moyo anakana ngakhale kulitchula. Koma tikalichotsa, tachotsa dzina la amayi, ndipo adzafunsa chifukwa chake.

Lamlungu lapitali ndinagula khadi la foni kuti ndiwauze. Ndisanayambe n'komwe anali atayamba kale iwo. Anati azimayi a kwaya asoka yunifolomu ya mwambo wa chilizacho. Anati auza abambo mfumu kuti pa ulaliki adzatchule kuti mwana wa malemu anatchedwa dzina la nkhondo. Anaseka n'kunena kuti anzawo onse ali ndi maina a maluwa ndi a oyera mtima, iwo okha ndi amene ali ndi dzina la mfuti, n'chifukwa chake matenda amawaopa. Kenaka anandifunsa ngati ndapapeza pa mapu, ndipo ngati ndapapeza ndiwajambulire kuti aone kwawo kwa dzina lawo asanafe.

Ndinawauza kuti khadi likutha. Silinali kutha. Ndinadula foni n'kukhala pa masitepe mpaka Womba anandipeza.

Chimene chinanditseka pakamwa ndi ichi, ndipo sindinauzepo munthu chifukwa sindinkaona kuti ndi nkhani. Mukukumbukira chaka chimene agogo anadwala komaliza, amayi atawatengera kunyumba kwathu. Ine ndinali pa holide, ndiye masana amayi akapita kumunda ndinkakhala nawo ndine. Mutu wawo unali utayamba kusokonezeka. Ankadzidzimuka, kuyang'ana kudenga, kuyang'ana kuchitseko, n'kufunsa mwamantha kuti ndili kuti kuno. Ndikati muli kwa Jali, ankavutikabe, kufuna kudzuka. Ndikati muli kwanu, ankakana. Tsiku lina ndinangoti muli kwa Sahayi, kutanthauza kunyumba kwa mwana wawo.

Amalume, nkhope yawo inamasuka ngati ya mwana. Anafunsa ngati iye ali bwino. Ndinati ali bwino, wapita kumunda. Anafunsa ngati wasiya kulira. Ine ndinaseka, ndinati amayi salira, ndipo iwo anati chabwino, n'kugona tulo. Kuyambira tsikulo ndinkawayankha choncho nthawi zonse, ndipo ndinaphunzitsa amayi kuti azitero. Amayi ankanyadira. Ankauza anthu obwera kudzazonda kuti bambo aiwala dziko lonse koma nyumba ya mwana wawo sanaiiwale.

Tsopano sindikudziwa kuti ndinkawagoneka m'nyumba iti. Sindikudziwa ngati ankafunsa za amayi kapena za munthu amene anamusiya akulira ku Gondar amayi asanabadwe. Mwina m'mutu mwawo awiriwo anali atasanduka munthu mmodzi. Ndalingalira mpaka mutu kuwawa, ndipo mabuku onse a mu laibulale muja palibe limene lingandiyankhe.

Ndiye pempho langa ndi ili. Pitani kwa a Manfred muwauze aike kaye tchizulo pansi. Dzina la agogo, chaka chobadwa ndi chomwalira, ndi mawu akuti msilikali wa KAR, zimenezo agobe, n'zoona. Mukafuna chaka cha ku Gondar, ndi 1941. Koma mzere wa Sahayi ausiye posalemba. Mwambo ukhoza kuchitika mwala uli ndi mpata, palibe amene anamangidwapo chifukwa cha zimenezo.

Ndinayamba ndaganiza zoti inu, monga mwini mbumba, mungogamula nokha, amayi tiwauze kuti mwala unachepa. Koma bodza limenelo ndalilawa kale pa foni ndipo landiwawa. Dzinalo si lanu, si langa. Alinyamula ndi iwo moyo wawo wonse, ndipo ngati lilembedwe pambali pa mayi awo kapena ayi, anene ndi iwo, akudziwa chimene akusankha.

Chonde musawauze nokha. Mukawerenga kalatayi munditumizire uthenga pa foni, tipangane Lamlungu loti mupite kwa Jali. Ndidzaimba muli nawo limodzi, ndipo ndidzawauza ndi pakamwa panga, poti ndine ndinakafukula zimenezi. Inu mudzangokhala pafupi, pamkeka womwewo. Ngati pali chimene mukudziwa, mudzachinene tsiku limenelo, pamaso pa mlongo wanu. Ngati palibe, mudzangowagwira dzanja, chifukwa ine kuno sindingathe.

Mundiperekere moni kwa akunyumba, kwa ana anu Eston ndi Tiza, ndi kwa onse a ku Chinamwali. Ambuye akusungeni, akupatseni mawu pamene ine andithera, ndipo bondolo mupite nalo kuchipatala.

M'chikwama cha a Greenwell mulinso juzi ya amayi ndi kakhadi kowafunira zabwino. Mukawapatse ndinu. Musadabwe ndi envelopu yake. Ndinakhala nayo nthawi yaitali cholembera chili m'manja, ndipo pamapeto pake ndangolembapo kuti Amayi.

Ndatha ine mwana wa mlongo wanu,
Emmie